Paipi Yopanda Chibowo

Ndinawauza Lachinayi m'mawa, nditaima pakhomo la shedi yawo osalowa, poti munthu sulowerera apongozi ako ali pantchito.

"Apongozi, chinthu mukupangacho muchiboole. Muchipatse popumira."

Sanatembenuke. Anali atawerama pabenchi, magalasi akuda ali kumaso, akuwotcherera chitsulo kumatako kwa paipi yonenepa ngati ntchafu yanga. Moto wabuluu uja utazima anakankhira magalasi pachipumi, n'kuisisita paipiyo ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Amayi, ndikaboola ndiye ndavutikiranji? Phokoso litulukira pomwepo, tizitsulo titulukira pomwepo. Ine ndikufuna zithere m'kati momwemo, anthu osamva kanthu."

"Onga suthera m'kati. Umafuna khomo. Mukapanda kuupatsa uboola lake."

"Pa chitsulo ichi?" Anaigogoda ndi sipanala. "Tamvani kulira kwake. Lole itha kupondapo osapindika. Belu lalira msanga lero, agogo. Pitani mukamwe tiyi."

Zimene ankafuna kuthira m'paipimo zinali pashelefu pamwamba pa mutu wawo, m'chitini cha mkaka wa ufa: zipolopolo zamoyo za asilikali, chitini chodzaza mpaka m'khosi. Ankafuna kuzitsekera m'paipi, kumanga chivindikiro zolimba, n'kuika pang'anjo kuti ziphulikire m'menemo, mkuwa ndi mtovu azitole pambuyo pake. Ndipo amene amazungulitsa gudumu lopemerera ng'anjoyo, atakhala pakampando, moto uli pafupi ngati apa ndi pachitseko, ndi mkazi wawo, mwana wanga. Mmodzi yekhayo amene ananditsalira mwa anayi.

Mwamuna wakeyo anthu amangoti Amisiri, ndipo luso ali nalo, sindingawanamizire. Amasungunula mkuwa n'kuthira m'zikombole za mchenga, m'menemo n'kutuluka zogwirira zitseko, maloko ndi mabelu a kusukulu. Nyumba ndi yanga, bwalo ndi langa. Iwo anangomanga shedi ya malata kumapeto kwa bwalo, kuseri kwa chingwe choyanikira zovala, n'kuyamba kulamula ngati anabadwira pomwepo.

Dzina loti Belu anandipatsa ndi iwowo. Akuti ndimangolira. Inde, ndimaopa, sindikana. Kukachita mphezi ndimachotsa wailesi kumagetsi. Mdzukulu wanga sindimulola kufika ndi pageti pomwe. Chaka china ndinamva fungo la waya wopsa kudenga, ndinawakakamiza mpaka anaitana wamagetsi, munthu n'kukatsitsako khoswe wakufa. Nkhani ya khosweyo aifotokozera mlendo aliyense amene anakhalapo pampando wa m'nyumba muno. Munthu ukalakwitsa kamodzi pa khoswe, basi, chilichonse chotuluka pakamwa pako ndi khoswe.

Koma za onga sindinazimve kwa amayi a pamsika.

Malemu bambo ake a mwana wangayu anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri kunkhokwe ya zida ya asilikali. Yunifolomu sanavalepo. Ankanyamula mabokosi, kusesa, ndi kutchetcha udzu kuti moto wolusa usapeze podzera. Machesi ankasiya pageti. Nsapato zamisomali ankavula. Mabokosi ankawasanja pamatabwa, osagunda pansi, osatsamira khoma. Nyumba zosungiramo zinali za makoma ochindikala koma denga lopepuka, ndipo pakati pa nyumba ndi inzake panali mtumbira wa dothi wautali kuposa munthu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti boma lonseli lalephera bwanji kukhoma denga lenileni. Anati n'dala. Zikavuta m'katimo mphamvu ipeze kofewa, ipite kumwamba, isapite kwa anthu. Ankanenanso kuti moto ukagwira udzu uzime, ukagwira chitseko uzime, koma ukangofika pamabokosi taya ndowa uthawe, usacheuke.

Ife akazi a antchito ankatiitana asilikali akamaliza kuphunzira kuwombera. Makoko a zipolopolo, aja amatsala mfuti ikalira, ankawasesa n'kuwathira m'matumba, ife n'kumasankha. Tinkakhala pansi akazi asanu ndi mmodzi, mulu uli pakati. Khoko lililonse linkadutsa patatu: diso, chala, khutu. Ulisuzumire kukamwa, ulowetse kaudzu mpaka kagunde pansi. Uyendetse chala chachikulu pamchombo pake, kumatako kumene mfuti imamenya, lowombedwa limakhala ndi kadzenje. Kenako uligwedeze kukhutu. Zamoyo zimene tinkapeza ankakazitentha okha kutali kuthengo, m'chimgolo chachitsulo chobowokabowoka ngati sefa, chili m'dzenje, anthu atabisala kuseri kwa mtumbira, ndipo sankachiyandikira mpaka mawa lake. Zaka zisanu ndi zinayi ndinagwira ntchito imeneyo. Dzina langa likalembedwa papepala sindingalizindikire, koma khoko lamoyo ndingalipeze nditatsinzina.

Kutatsala sabata kuti lifike Lachinayi lija, Amisiri anabwera ndi matumba asanu ndi limodzi a makoko. Chilolezo chotenga mkuwa wotha ntchito kunkhokwe komweko anachithamangira chaka chathunthu, ndipo tsiku limenelo ankayenda ngati akwezedwa pantchito. Matumba anawaunjika pakhomo la shedi, limodzi litang'ambika pakona.

Mdzukulu wanga ali ndi zaka zitatu. Timamutcha Kanyerere, chifukwa chilichonse chogwa pansi amanyamula. Masana omwewo ndinamupeza atakhala pamwala wochapira, tsaya litatupa. Ndinapisa chala m'kamwa mwake. Chinatuluka chipolopolo chathunthu, mutu wake uli pomwepo, chakuda ndi matope, chonyowa ndi malovu a mwana.

Ndinapita nacho molunjika kushedi.

"Ichi chachokera m'thumba lanu. Chinali m'kamwa mwa mwana."

Anachiyang'ana, n'kupukuta manja, n'kutulutsa pepala m'thumba la ovololo. "Chimodzi chikhoza kutsalira, amayi. Koma apa palembedwa kuti matumba onse afufuzidwa, mulibe chamoyo. Chidindo ndi ichi, wosaina ndi uyu." Kenako ananditambasulira pepalalo. "Kapena muwerenge nokha."

Mwana wanga anali pagudumu. Anayang'ana pansi. Sanati n'kamodzi komwe bambo ake a Kanyerere musatero.

Ndinalandira pepalalo. Kaya ndinaligwira mozondoka, sindikudziwa. Ndinaliika pabenchi, n'kusanjikapo chipolopolo chija.

"Nachonso chiwerengereni. Sichinamve kuti chinafa."

Masiku anayi ndinakhala pansi pa chingwe cha zovala, matumba ndikukhuthula limodzi limodzi. Diso, chala, khutu. Diso lakumanzere linachita nkhungu kalekale, koma chala sichinakalambe. Msana unkachita kuyaka. Palibe anandituma, palibenso anandithandiza. Amisiri akamadutsa ankati, "Ofesi yofufuza ikuyenda bwanji?" Ndinapeza zathunthu zimene asilikali anagwetsa mumchenga. Ndinapeza zophunzirira, zopanda mutu, zotsinidwa kukamwa, zimene munthu wosadziwa amaziyesa makoko wamba koma onga uli phaa. Ndinapezanso zogona, zija zoti mchombo unamenyedwa koma sizinalire, zimene malemu ankaziopa kuposa zonse. Aliyense amene anasaina pepala lija matumbawo sanawatsegule. Anangowaona ali chiimire, n'kudinda.

Chitini chitadzaza ndinakachiika pamaso pawo. "Kabwezeni. Eni ake ali ndi potenthera."

"Ndikalowe pageti la asilikali ndi chitini cha zipolopolo m'manja? Akafunsa wosaina, wosainayo akana. Atsala ndani? Ine. Chilolezo alanda, ine akanditsekera. Banjali mudzalidyetsa ndinu?"

"Bola akutsekereni muli ndi manja."

"Mwaona?" anauza mkazi wawo. "Amayi akowa amandifunira zabwino zokhazokha."

Lolemba masana anati andionetse. Anakoleza mbaula pakati pa bwalo, anatenga zitatu m'chitini n'kuponyamo. Ine ndinanyamula Kanyerere n'kukabisala kuseri kwa mgolo wa madzi. Zinalira motsatizana, phu, phu, phu, phulusa n'kufumbuka, basi. Iwo anapita ndi pulayala, anatola mutu umodzi uli gone m'phulusa momwemo, n'kubwera nawo kumgolo.

"Tulukani kunkhondoko, agogo, yatha. Mwaona? Sichinapite ndi patali pomwe. Chipolopolo chopanda mfuti n'chopusa ngati mwala."

Chimene chinandipweteka n'chakuti ananena zoona. Pamtetete onga umangong'amba khoko lake n'kutuluka, mutuwo ulibe choukankha. Zimenezo ndinkazidziwa iwo asanabadwe. Koma pa zoona zazing'onozo anamangapo bodza lalikulu.

Kachidutswa ka khoko kamodzi kanalumpha mpanda n'kukaboola diresi la kasitomala limene atelala a kuseri kwathu anayanika. Mayi atelalawo anabwera pageti diresi lili m'manja, lumo lili lende m'khosi.

"Amisiri, ndikamvanso kulira kumeneku ndikuitana apolisi. Kwanga ndi kosokera, si kumalire a dziko."

Ndiye mutu wa mmisiri unayamba kugwira ntchito. Munthu wina akanaopa. Iwo anaona kuti vuto ndi phokoso ndi tizidutswa, ndipo mankhwala a zinthu zothawa ndi kuzitsekera. Moyo wawo wonse akhala akutseka zodontha, kulimbitsa zogwedera. Chinthu chobowoka kwa iwo ndi chinthu chowonongeka. Paipi ija inabadwa choncho.

Lachinayi lomwe lija, atandiuza za tiyi, sindinachoke pakhomo.

"Apongozi, munati chipolopolo chopanda mfuti n'chopusa. Nanga mfuti n'chiyani? Si paipi yotseka mbali imodzi? Inu mukupanga yotseka mbali zonse ziwiri, n'kuthiramo chitini chathunthu."

Ndinaona kuti mawuwo alowa. Koma mkazi wawo anali pomwepo akupeta makala, ndipo mwamuna sangagonje kwa nkhalamba yosawerenga mkazi wake akuona.

"Ine zitsulo ndinaziphunzira zaka zitatu, ndili ndi satifiketi. Inu munaphunzira kutola makoko."

Anatsitsa chitini pashelefu, anachiika m'bokosi la zipangizo, n'kukhoma loko ndikuona. Kiyi anaika m'thumba. Anati aziphulitsa Loweruka m'mawa, ng'anjo ikapuma pa ntchito ya mabelu.

Lachisanu ndinamupeza mwana wanga kukhitchini akutsuka mbale.

"Iwe, tenga pepala undilembere kalata. Yopita kwa mkulu wa kunkhokwe."

"Yonena kuti chiyani?"

"Kuti abwere adzatenge zinthu zawo."

Anaika mbale pansi pang'onopang'ono. "Ndilembe ndi dzanja langa kalata yomangitsa bambo a mwana wanga?"

"Ndiye usalembe. Koma mawa usakhale pagudumu."

"Akhalepo ndani? Moto ukapanda mphepo sukolera. Amayi, munthu uja zitsulo amazidziwa. Sanandivulazepo n'kamodzi komwe."

"Zitsulo amazidziwa. Onga saudziwa."

"Inu chilichonse ndi imfa. Mphezi imfa, msewu imfa, khoswe imfa. Ndakula ndikuopa ndi mthunzi wanga womwe chifukwa cha inu. Ndisiyeni ndikhulupirire munthu mmodzi pamoyo wanga."

Ndinamutumiza kusukulu ndine, ndi manja omwewa osankha makoko, kuti adzandilembere pamene ine ndalephera. Tsiku limodzi lokha limene ndinafuna cholembera chake, anachibisa.

Ndinavala nsapato n'kukwera basi ndekha. Nkhokwe ija sinasinthe, waya womwe uja, mitumbira yomwe ija, udzu wokha ndiwo unali wautali kuposa mmene malemu akanaulolera. Pageti panali msilikali wa ndevu zaimvi.

"Tikuthandizeni, amayi?"

"Ndimafuna ndifunse. Munthu atapeza zamoyo m'makoko amene anatenga kuno, atani?"

Nkhope yake inasintha. Anatulutsa kabuku. "Zili kwa ndani? Nyumba yake ili kuti?"

Ndinayang'ana cholembera chili pakabukupo. Ndinaona galimoto ya asilikali itaima pageti langa, Amisiri akuwakweza kumbuyo, anthu atadzaza msewu, mwana wanga akundiyang'ana ndi maso amene sadzandikhululukira mpaka kumanda.

"Ayi, ndimangofunsa. Malemu amuna anga ankagwira kuno."

"Mukamva za zoterozo, asazikhudze, asaziyandikize kumoto. Atiitane."

"Ndamva, bambo."

Ndinabwerera. Ine amene ndinaitanitsa wamagetsi chifukwa cha khoswe, ndinafika pakhomo penipeni n'kutseka pakamwa. Mwa onse amene ndawakwiyira pankhaniyi, nkhalamba imene inatseka pakamwa pageti paja, ine ndemwe, ndiyo sindinaikhululukire.

Loweruka kunacha bwino, kopanda ndi mphepo yomwe. Titamwa tiyi Amisiri anatsegula bokosi, anakhuthulira chitini m'paipi, zikuchita kulira ngati miyala m'ndowa. Chivindikiro anachimanga ndi sipanala yaikulu, mwendo atapondetsa pabenchi, mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Paipiyo anaigoneka pang'anjo n'kuikwirira ndi makala. Mwana wanga anakoka kampando kake n'kugwira chogwirira gudumu.

Ndinazungulira mpanda n'kukagogoda pawindo la atelala. Makina awo amakhala kukhoma loyang'ana shedi yathu.

"Anzanga, chokani kukhoma uko. Pitani kumsika, kulikonse."

"Chavutanso n'chiyani, a Belu?"

"Mukafuna kundiseka mudzandiseke madzulo. Panopa chokani."

Anang'ung'udza, koma mantha a Lolemba anali asanawathere. Ndinamva akukoka chitseko.

Nditabwerera gudumu linali litayamba kulira, makala akufiira m'munsi. Ndinaima pachingwe cha zovala.

"Mwanawe, dzuka pamenepo."

"Amayi, chonde."

"Ndakubereka ndine. Dzuka."

Sanandiyang'ane. Dzanja linkangozungulira. Amisiri ankasonkhezera makala ndi chitsulo, akuimba mluzu dala.

Kumukoka sindikanatha, mphamvu ndilibe. Kulira ndinalira kale, sikunagwire ntchito. Kanyerere anali pakhonde akusanja zitsekerero za mabotolo. Ndinamunyamula, ndinatsegula geti mpaka kumapeto, n'kulankhula mokweza kuti amve onse awiri.

"Ine ndi Kanyerere tikukawoloka msewu waukulu."

Msewu umenewo uli ndi mizere inayi, malole sapuma. Ine ndemwe sindinauwolokepo ndekha chichitireni nkhungu diso langali, amachita kundigwira dzanja. Bondo langa lakumanja limagwa lokha osachenjeza. Mwana wanga zonsezi amazidziwa.

"Amayi, musachite masewera ndi mwana."

Ndinatuluka, geti n'kulisiya pululu. Ndili panjira ndinamva gudumu likuchepa liwiro, kenako mawu a Amisiri.

"Pita ukawatenge amayi akowo asanatiphere mwana. Ndizungulitsa ndekha."

Ndinayenda mmene sindinayenderepo zaka khumi. Ndinadutsa pagolosale, pa okonza njinga, pampopi. Mwana akulemera, bondo likulira. Ndinkamva mapazi a mwana wanga kumbuyo koma sindinacheuke, chifukwa akanandipeza pafupi akanalanda mwana n'kubwerera nthawi ikadalipo. Anandigwira phewa phazi langa limodzi lili kale pa tala, lole ikudutsa mphepo yake n'kutikupiza zovala.

Anandilanda Kanyerere ngati akulanda kwa wakuba.

"Mwapenga? Mwafika pomupha mwana kuti mupambane mkangano?"

"Sindikanawoloka."

"Ndikudziwa bwanji? Ndatopa nanu, amayi. Ndatopa. Mwezi uno tisamuka, nyumba yanuyo mukhalemo nokha ndi mantha anuwo. Kanyerere simudzamugwiranso."

Anthu a pasiteji ya basi anayamba kutiyang'ana. Anatembenuka kuti azipita. Ndinamugwira padzanja ndi manja onse awiri, zikhadabo kulowa m'khungu.

"Nditukwane pompano. Malizitsa zonse. Ndili ndi nthawi."

"Ndisiyeni."

"Sunamalize. Unene za bambo ako, unene za sukulu, unene kuti ndine mbuli. Nena."

Anatsegula pakamwa kuti anene. Sindidzadziwa chimene chinali kubwera.

Sikunali kulira kwa phu ngati Lolemba. Kunabwera m'nthaka, kudzera m'mapazi, n'kudzagunda pachifuwa. Mbalame zonse za pamawaya zinadzuka nthawi imodzi. Kanyerere anayamba kulira. Mwana wanga anandiyang'ana, ine n'kumusiya dzanja.

Pamene ndinkafika ndikutsimphina, iye anali atafika kale. Denga la shedi linali litakwera n'kugwera m'bwalo, matabwa akuyaka. Amisiri anadzikoka okha mpaka pachingwe cha zovala, ndipo okonza njinga awiri anali atawanyamula kuwatulutsa pageti, atakulunga mkono ndi shiti yanga ya pabedi imene inali payaniko. Mwana wanga anali atagwada pamsewu atagwira mutu wawo, akuwaitana, iwo akungoyang'ana milomo yake.

Anthu anali akuthamanga ndi ndowa kuchokera kumpopi, akukankhana pageti. M'shedimo zipolopolo zimene zinamwazika osaphulika zinali zikulira m'makala, apa phu, apo phu, tizitsulo tikugunda malata. Pakhonde panali mabelu atatu odikira eni ake. Ndinatola limodzi, ndinaima pakati pa geti, n'kuliimba mpaka mkono kuwawa.

"Bwererani. Munthu watuluka kale, m'menemo mwatsala zitsulo. Isiyeni ipse."

Anabwerera. Tsiku limenelo palibe anatchula khoswe.

Moto utazima wokha, madzulo, asilikali anabwera. Galimoto yomwe ndinkaiopa ija inaima pageti langa, anthu atadzaza msewu, monga momwe ndinaonera. Anatiletsa kulowa m'bwalo mpaka mawa lake. Anasefa phulusa lonse, anatenga matumba onse, anatenga ndi pepala la chidindo lija. Wa ndevu zaimvi anali nawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi kuno munkafunsira dzulo, amayi?"

"Ndi kuno."

Anatembenuka n'kubwerera kugalimoto. Bola akananditukwana.

Chivindikiro cha paipi anakachipeza m'nyumba mwa atelala. Chinaboola khoma la njerwa, n'kudutsa pamwamba pa makina, pamene pamakhala chifuwa cha munthu akamasoka. Kampando ka mwana wanga ndinakatola ndekha. Thabwa lokhalira linang'ambika pakati, chidutswa cha paipi chachikulu ngati chikhatho chitalowa mpaka theka. Ndinakaika pakhonde kuti akaone. Anakaona, anakatenga, anakaponya kudzala. Mpaka lero sitinakambepo za kampandoko, kapena za msewu, kapena za mawu amene anatsala pakamwa pake. Sanasamuke. Amandipatsa moni, amandipatsa chakudya, Kanyerere amandisiyira akamapita kuntchito yochapa imene anapeza. Kuti munanena zoona amayi, sananene, ndipo sindikufuna anene. Zoona zimenezo ndizidye ndi chiyani?

Amisiri anakhala m'chipatala milungu isanu ndi iwiri. Anali atatsamira pafupi, dzanja lamanzere lili pagudumu, lamanja likukankha makala pansi pa paipi. Lamanjalo linathera pamfundo ya mkono. Lamanzere latsala ndi zala zitatu. Tizitsulo tina takhalira m'ntchafu, madokotala anati kutichotsa n'kuwononga zambiri. Makutu onse awiri anafa. Chilolezo analanda, mlandu ukudikira kuti achire, shedi palibe, pamalopo pamera bonongwe.

Amakhala pakhonde kuyambira m'mawa, mkono wodukawo ataubisa m'jekete ngakhale kutenthe bwanji. Mabatani amawamangira mkazi wawo. Akandiona ndikudutsa amayang'ana kumbali. Ndikayankhula samva, ndipo ine kulemba sinditha, ndiye pakati pathu palibe njira ina iliyonse.

Mwa mabelu atatu aja, awiri eni ake anadzatenga. Lachitatu, limene ndinaimba pageti, linatsala. Dzulo ndikuanula zovala ndinawaona atalinyamula ndi zala zitatu zija. Analigunditsa pamwendo wa mpando, kenako mwamsanga n'kulikanikiza pachibwano, maso atatseka, kuti amve kunjenjemera kwake m'mafupa. Litaleka, analigunditsanso.